Kabokosi kogontha ndi mnyamata woimba yekha

Loweruka lina m'mwezi wa Julayi, chiperoni chitatikuta mumzinda wa Blantyre, mphwanga adandipeza ndikuwotha mbaula nati, "Achimwene, valani jekete tipite mukaone zodabwitsa. Kuli mnyamata akumaimba yekhayekha, koma mukatsinzina muyesa pali bandi ya anthu asanu." Ine ndidadzuka monyinyirika. Zaka zimene ndakhala ndikulemba za nyimbo patsamba lino zandiphunzitsa kuti munthu akamamveka ngati asanu ali yekha, ndiye kuti anayi enawo ali mu CD kapena m'kafulashi, iye ntchito yake n'kuyasamula pakamwa ndi kuvina basi. Koma mphwanga adalumbira kuti uyu ndi wina. Tidapita, ndipo lero ndati ndikufotokozereni, awerengi, zimene ndidaona kumeneko, zokoma ndi zowawa zomwe.

Dzina la mnyamatayo sinditchula, ngakhalenso malowo. Ndi mwana waluso amene akadali panjira, ndipo zolakwa zimene ndinene pano ndazionanso kwa anzake angapo ku Lilongwe ndi ku Zomba. Pasiteji padalibe ng'oma, padalibe kiyibodi. Padali mpando, gitala, maikolofoni, chisekese, ndi kabokosi kachitsulo pansi, kukula kwake ngati theka la njerwa, kokhala ndi choponda pamwamba. Eni ake amene adakapanga amakatcha looper. Ntchito yake ndi yosavuta kufotokoza. Ukaponda koyamba, kamayamba kujambula zimene ukuimba. Ukapondanso, kamaleka kujambula n'kuyamba kubwereza zomwezo, kufika kumapeto n'kubwerera poyambira, osapuma, mpaka utakaletsa. Ukaponda kachitatu, kamalandira mawu atsopano n'kuwasanjika pamwamba pa akale aja. Ndime yozungulirayo ine ndiziitcha mkombero.

Nzeru imeneyi si yadzana ayi. Mu 1963 woimba wa ku America, Terry Riley, ali ku Paris, adagwiritsa ntchito makina awiri a tepi: tepi imodzi ikudutsa m'makina onse awiri, oyamba akujambula, achiwiri akuliza n'kubwezera mawuwo kwa oyamba aja. Mu 1973 Robert Fripp ndi Brian Eno a ku England adatulutsa chimbale chotchedwa No Pussyfooting, chimene adachijambula m'njira yomweyo ndi makina awiri a Revox. Koma zida zimenezo zidali zolemera ndi zodula. Zinthu zidasintha nzeruyo italowa m'kabokosi koponda ndi phazi. Kampani ya Boss idatulutsa RC-20 mu 2001, ndipo mu 2004 anthu ambiri adatsegula maso pamene KT Tunstall wa ku Scotland adaimba yekha pa kanema wa BBC mu pulogalamu ya Jools Holland, akumanga nyimbo anthu akuona. Mu 2013 a TC Electronic adatulutsa Ditto, kanthu kokwana m'thumba la malaya, ka choponda chimodzi, kosunga mawu a mphindi 5. Pofika mu Julayi 2015 Ed Sheeran adadzaza bwalo la Wembley ku London masiku 3 otsatizana ali yekha ndi gitala ndi makina oterewa.

Kwathu kuno Faith Mussa ndi mmodzi wa amene adatchuka ndi kaimbidwe kameneka, kusanjika gitala, mawu ndi zoimbira zamakolo ali yekha pasiteji, mpaka kukaimba ku Ulaya. Richard Bona wa ku Cameroon amachitanso zotere ndi mawu a pakhosi pake pokha, kumanga kwaya yathunthu munthu mmodzi. Tsono achinyamata aona, akopeka, ndipo amene ali ndi mbale ku Johannesburg kapena ku London akutumitsa kabokosi. Ine sindikuwaletsa. Kuimba wekha ngati gulu si zachilendo m'dziko muno. Malemu Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene adatisiya mu 1987, ankati akagwira gitala, chala chachikulu chikuyendetsa besi, chinzake chikuimba nyimbo, womvera pawailesi n'kumayesa alipo awiri. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amamenya babatoni wa nsambo imodzi ndi kamtengo, dzanja lina likuyendetsa botolo pansambopo, phazi likugunda ng'oma, pakamwa pakutuluka nyimbo.

Ngakhale kubwereza komweko ndi kwathu. Taonani amayi awiri pamtondo umodzi: munsi wa uyu ukatsika, wa uyo uli m'mwamba, ndipo nyimbo ikuyenda pamwamba pa minsiyo. Taonani omenya mangolongondo, atakhala moyang'anizana, wina akulowa m'mipata imene mnzake wasiya, mpaka khutu limve nyimbo yachitatu imene palibe akuimenya. Nyimbo zathu zambiri ndi mkombero waufupi wozungulira kambirimbiri, wotsogolera akuponya, gulu likuvomera. Ndiye munthu angaganize kuti kabokosika kadapangidwira ife.

Koma pali kusiyana kumodzi, ndipo ndi pomwe pagona nkhani yanga yonse. Pabwalo la gule wamkulu, womenya mbalule maso ake amakhala pa mapazi a wovina. Gule akafulumira, mbalule ifulumira; akadukiza, nayo idukiza. Ng'oma zathu zimabwereza, inde, koma zimabwereza zikumvetsera. Kabokosi kamabwereza kosamvetsera aliyense. N'kogontha. Amene wasankha kuimba nako wasankha kukhala ndi mnzake wogontha, amene saiwala kanthu ndipo sakhululuka. Luso lonse lagona pa kudziwa kukhala ndi mnzako wotero.

Nyimbo yoyamba, mnyamata uja adayamba ndi kumenya thupi la gitala ndi chikhatho, du-du-tsa, du-du-tsa, n'kuponda. Atapondanso kuti atseke mkombero, phazi lidachedwa pang'ono chabe, ngati kuphethira kwa diso. Kuchedwa kumeneko kabokosi kadakusunga. Ndiye nyimbo yonse idayenda motsimphina, ngati munthu amene nsapato imodzi yathothoka chidendene. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mkombero wake udali wa masekondi pafupifupi 4, ndipo nyimbo idatenga mphindi 4, amene ndi masekondi 240. Ndiye kuti kupunthwa kumodzi kuja tidakumva maulendo 60. Woimba ng'oma wamoyo akaphonya, amakonza pa kugunda kotsatira, ambiri osazindikira n'komwe. Mnyamatayo adamva kuti zapotoka, nkhope idaonetsa, koma adachita manyazi kufafaniza. Adasanjika besi pa maziko opendekekawo, kenaka gitala, kenaka mawu. Apa ndi pomwe adalakwa koposa. Kufafaniza n'kuyambiranso kukadangotenga masekondi 10, anthu akadaseka naye pang'ono n'kuiwala.

Patapita masiku ndidabwereka kabokosi kotere kwa mnzanga woimba m'kwaya ya kutchalitchi, ndipo ndidakhala nako milungu iwiri, kuopa kudzudzula chinthu chimene sindidachigwirepo. Nane ndidatsimphina koopsa, mpaka mayi a kunyumba adafunsa kuti, "Kodi bambo, wailesiyo yafa?" Chimene ndidaphunzira ndi ichi. Ambirife timayesa kuti umaponda kachiwiri ukamaliza kuimba ndime. Sichoncho. Umaponda pa kugunda koyamba kwa ndime yotsatira, pamalo enieni pomwe udaponda poyamba paja, ndipo dzanja lisaime. Lipitirize kuimba ngati palibe chachitika, lidzasiye kabokosi katalandira kale. Phazi likhale litayandikira choponda, osati kuchokera kutali ngati ukupha chinkhanira. Chinanso, usajambule pa ulendo woyamba. Imba ndimeyo kawiri katatu, thupi lilowe m'liwiro lake, phazi lizigunda pansi pambali pa kabokosi, ndipo likazolowera lingosuntha pang'ono n'kugwera pa choponda ngati gawo la kavinidwe. Phazi nalo ndi choimbira, ndipo lifunika kuphunzitsidwa monga timaphunzitsira zala.

Pali vuto linanso limene limakhudza ife kwambiri kuposa anzathu a kunja. Mabokosi ena akuluakulu ali ndi ng'oma zawozawo m'kati, komanso nzeru yodzikonzera okha polekezera mkombero, kuti wochedwa kuponda asachite manyazi. Koma ukangowatsegula amawerenga zinayizinayi, monga zimayendera nyimbo zambiri za Azungu. Magule athu ambiri amayenda pa tizigawo 12 ting'onoting'ono, timene wina angatimve ngati magulu 4 a titatutitatu, wina ngati magulu 3 a tinayitinayi, ndipo kukoma kwake kuli pa kukokana kwa ziwirizi. Woimba akapanda kusintha mawerengedwe a makinawo, kapena kumuzimitsiratu wothandizayo, makina amadula mkombero pomwe afuna iwo, gule wako n'kutuluka atavala suti ya eni. Sankha wekha pomwe mkombero uyambire. Njira imene idandithandiza ine ndi kuyamba ndi kuwomba m'manja monga amachitira amayi pabwalo, chifukwa msana wa gule uli m'manjamo. Zina zonse zimatsamira pamenepo.

Tibwerere kwa mnyamata wathu. Nyimbo yachiwiri maziko adakhala bwino ndithu, ndipo ndidayamba kugwedeza mutu. Koma kenaka dyera lidamugwira. Adasanjika gitala yomenya nsambo zonse pamodzi, adasanjika ina yofanana nayo, adasanjika yachitatu, kenaka mawu, kenaka mluzu. Ndidawerenga mpaka 9. Zonsezo mawu ake a msinkhu umodzi, zonse zikugunda pamalo amodzi. Pofika chachisanu ndi chiwiri nyimbo idali itasanduka phala. Ndipo poti chosanjika chilichonse chimawonjezera phokoso, atayamba kuimba mawu ake adamira. Ine ndidangoona milomo ikugwedera. Akulu adanena kale kuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Kabokosi sikadziwa kukana. Ukakapatsa zinthu 20 kalandira zonse. Wokana uyenera kukhala iwe mwini.

Apa ndi pomwe amayi apamtondo ndi omenya mangolongondo ali aphunzitsi oposa Ed Sheeran. Chosanjika chilichonse chikhale ndi malo ake m'nthawi, chikhalenso ndi malo ake mu msinkhu wa mawu. M'nthawi, usamenye pomwe chinzake chamenya kale. Funa mpata ulowemo. Mu msinkhu, besi ikhale pansi pa nsambo zikuluzikulu, chisekese pamwamba penipeni, gitala pakati koma ya nsambo ziwiri zitatu, osati zonse 6. Ndipo pakatipo pasiyidwe bwalo losesa bwino, chifukwa ndi pomwe mawu a munthu adzavinire. Ine ndapeza kuti zosanjika 3 kapena 4 zimakwanira nyimbo zambiri: ng'oma, besi, gitala, ndi mawu ovomera. Zoyambirirazo uzijambule motsika kuposa mmene khutu likufunira, pokumbukira kuti zikubwera zina, ndiponso kuti chimene udzaimbe ndi manja amoyo chiyenera kukwera pamwamba pa zonse popanda kulimbana.

Chimene chidaseketsa anthu usiku umenewo chidachitika pa nyimbo yachitatu. Idali nyimbo yachisoni, yokumbukira mayi amene adamwalira. Mnyamata adaweramira pa maikolofoni kuti ajambule mawu ovomera, ndipo nthawi yomweyo bambo wina wa patebulo lakutsogolo adakuwira woperekera zakumwa: "Achemwali, awiri ozizira!" Kabokosi kadalandira. Ndiye masekondi 8 aliwonse, pakati pa maliro a mayi, tidamva bwinobwino: "Achemwali, awiri ozizira!" Bambo aja adafuna kulowa pansi pa tebulo. Anthu adayesa kudzigwira ulendo woyamba ndi wachiwiri, koma wachitatu holo yonse idaphulika nako kuseka, ndipo chisoni chidathera pomwepo.

N'zoseketsa, koma phunziro lake ndi lalikulu. Maikolofoni sisankha. Imatola mawu ako, phokoso la anthu, komanso mkombero womwewo umene ukutuluka m'masipika. Ukamasanjika maikolofoni ili chitsegulire, ulendo uliwonse umajambulanso zimene zidajambulidwa kale, ndipo mawu amanka nachita matope mpaka masipika ayamba kulira mluzu. Mankhwala ake alipo. Pakamwa pakhale pafupi kwambiri ndi maikolofoni kuti isachite kukwezedwa. Sipika yodzimvera wekha ikhale kumbuyo kwa maikolofoni, osati kumene yaloza. Kusanjika kutsegulidwe pa nthawi yokhayo imene ukuimba n'kutsekedwa msanga. Mabokosi ambiri alinso ndi njira yochotsera chosanjika chomaliza chokha osagwetsa nyumba yonse. Pa ting'onoting'ono tija kawirikawiri umaponda n'kukanikiza kwa kanthawi. Mnyamata uja akadaidziwa njirayi, achemwali aja akadaitanidwa kamodzi kokha. Ndiwonjezere ziwiri. Gitala uitchune usanaponde, chifukwa nsambo yopotoka ikalowa m'kabokosi sungaiwongolenso. Ndipo ngati uli ndi zida zina zosinthira mawu a gitala, kabokosi kakhale komaliza pamzere, kuti chosanjika chilichonse chisunge mawu amene chidalowa nawo.

Dandaulo langa lina ndi nthawi. Nyimbo iliyonse idayamba chimodzimodzi: ng'oma, kudikira, besi, kudikira, gitala, kudikira. Mkombero ukakhala wa masekondi 16 ndipo ukufuna kusanjika zinthu 6, ndiye kuti masekondi 96 apita usanatsegule pakamwa. Ngati chilichonse uchita kuchimvetsera kaye ulendo umodzi usanawonjezere china, mphindi 3 zapitirira. Ulendo woyamba anthu amachita chidwi kuona nyumba ikukwera. Ulendo wachisanu ayamba kuyang'ana mafoni. Kodi alipo amene amapita kuukwati kukaonerera anthu akumanga chisakasa? Woimba wanzeru amafupikitsa mkombero. Nyimbo ina aiyambe ndi mawu okha. Ina aimbe ndime yonse yoyamba ndi gitala yamoyo akujambula mwakachetechete anthu osadziwa, n'kudzaitulutsa pa kolasi anthu n'kudzidzimuka. Ina aimbe popanda kabokosi n'komwe, makutu apumeko.

Koma zonsezi n'zazing'ono poyerekeza ndi chimene chidachitika chakumapeto kwa gawo loyamba. Mnyamata adamanga nyimbo ya gule, ndipo amayi angapo adadzuka, kumanga zitenje m'chiuno, kuyamba kuwomba m'manja. Inu mukudziwa mmene zimakhalira kwathu: gule akakoma amatentha, liwiro limakwera pang'onopang'ono popanda wolamula. Manja a amayi adayamba kuthamanga, kabokosi kali pomwepo, du-du-tsa, du-du-tsa, ngati wotchi ya mu ofesi. Posakhalitsa manja ndi makina zidasemphana. Mnyamata adasowa kuti atsate ziti, ndipo adachita chinthu chimene sindidaonepo woimba wa kwathu akuchita: adakweza dzanja kupempha amayiwo kuti aleke kuwomba. Amayi adabwerera m'mipando, zitenje n'kukwera m'mapewa. Mayi wina pafupi ndi ine adati, "Aaa, nanga tabwera kudzamvera wailesi?" Funso limeneli ndi lalikulu kuposa zonse zimene ndalemba pamwambapa.

Gawo lachiwiri lili pakati, magetsi adathima. Masipika adakhala chete, kabokosi nako ziii. Eni malo akulimbana ndi jenereta kuseri, mnyamata adatsala ndi gitala, pakhosi pake, ndi ife. Ine ndidati basi, athawa ameneyu. Koma adasendera kutsogolo, kukhala m'mphepete mwa siteji miyendo ili lendelende, nati, "Amayi, pepani za poyamba paja. Tandithandizani m'manja." Adagawa holo pawiri, mbali iyi kuwomba, mbali iyo kuvomera. Mphwanga adapezeka wagwira chisekese. Kwa mphindi ngati 15, nyali za mafoni zikuwala, tidamva nyimbo yabwino koposa usiku wonsewo. Liwiro lidakwera, iye adakwera nalo. Amayi atadukiza, gitala idadukiza. Mkombero udalipobe, koma ulendo uno udali m'manja mwa anthu amene ali ndi makutu. Ndinene pano kuti aliyense wodalira kabokosi m'dziko muno azikhala ndi nyimbo zingapo zotha kuima pazokha mumdima.

Jenereta italira ndidaopa kuti abwerera kwa bwana wake wogontha uja. Adabwereradi, koma ali munthu wina. Adajambula zinthu ziwiri zokha, besi ndi chisekese, mkombero waufupi. Pa ndime adausiya ukuyenda. Pa kolasi adauzimitsa, n'kusiya manja a anthu ndi gitala yamoyo. Anthu atatenthetsa liwiro sadabwezenso wakale uja. Adaufafaniza n'kujambula watsopano pa liwiro la amayiwo, zimene zidangotenga masekondi ochepa. Apo ndidaona kuti luso lalikulu pa kabokosi ndi kudziwa kuchotsa. Nyimbo imafuna mapiri ndi zigwa, pamene kusanjika kokha ndi chitunda chosatsika. Adachita kamodzi chinthu chimene ndikuchikumbukirabe: zonse adazimitsa mwadzidzidzi, mawu ake n'kutsala okha masekondi awiri, kenaka besi, chisekese ndi manja zidagweranso pamodzi pa kugunda koyamba. Nthungululu zidalira. Phunziro lomweli likhudzanso amene afuna kugwiritsa ntchito kabokosi m'bandi: woimba ng'oma azikamva bwinobwino, sipika ili pafupi ndi khutu lake, apo ayi mudzasiyana njira, pakuti iko sikadzakudikirani.

Kumaliza nyimbo nakonso n'kofunika kukonzekera. Pa mabokosi a choponda chimodzi, kuimitsa kumafuna kuponda kawiri mofulumira, ndipo ukachedwa pakatipo umapezeka watsegula kusanjika m'malo moimitsa. Ambiri poopa zimenezi amangotsitsa mawu pang'onopang'ono ngati nyimbo ya pa kaseti. Kamodzi n'zololeka, koma nyimbo zonse ayi. Phunzira kuti kuponda kwachiwiriko kugwere pa kugunda komaliza, dzanja n'kumenya nsambo nthawi yomweyo. Pabwalo gule amatha ndi kugunda kumodzi kwamphamvu, aliyense n'kudziwa kuti watha.

Pali nkhani ya chilungamo imene sindingaidumphe. Mabokosi ambiri amatha kusunga mikombero yojambuliratu kunyumba, woimba n'kungobwera kudzaponda. Mu 2017, Ed Sheeran ataimba ku Glastonbury, ena oonera pa kanema adamunena kuti akugwiritsa ntchito nyimbo zojambuliratu, ndipo iye adachita kufotokoza poyera kuti zonse zidapangidwa pomwepo ndi makina obwereza. Ngati ku England adakayika, kuli bwanji kuno kumene talipirapo pakhomo kambirimbiri n'kukapeza woimba akuthamangitsana ndi CD? Choncho woimba aonetse anthu ntchito yake. Kabokosi kakhale poonekera. Pa nyimbo yoyamba afotokoze mwachidule, mwinanso ajambule mawu a mmodzi wa oonera, mwadala ulendo uno, kuti onse amve okha. Ngati pali chimene adajambuliratu, anene. Mnyamata uja pa ichi ndimuyamikire: zonse adamanga ife tikuona, ndipo achemwali aja ndiwo mboni.

Potuluka ndidamva mwini malo akuuza mnzake kuti kuyambira tsopano azingoitana "a kabokosi", poti amalipira mmodzi m'malo mwa asanu, ndipo mbale ya nsima ndi imodzi. Ndikumvetsa, zinthu zadula. Kwa woimba amene alibe ndalama zolipira bandi kapena minibasi yonyamula ng'oma, kabokosi ndi chipulumutso. Kunyumba ndi mphunzitsi wabwino, ngakhale wankhanza, chifukwa kamakubwezera zolakwa zako kosakunyengerera. Koma eni malo akumbukire kuti woimba ng'oma amene atsale kunyumbayo ndi yemwe akadaona amayi aja akutentha n'kuwatsata. A Madalitso Band ndi anthu awiri okha, babatoni, gitala ya nsambo 4 ndi ng'oma yogunda ndi chidendene, koma avinitsa anthu mpaka ku Ulaya, chifukwa amamverana ndipo amamva ovina. Makasitomala akakhala pansi n'kuvala zitenje m'mapewa, ndalama zimene mwapulumutsa pa bandi mudzazitaya pa kauntala.

Kwa iwe mwana wanga, ngati tsamba lino lakupeza: luso uli nalo, ndipo mdima uja udaonetsa kuti makutu uli nawonso. Phunzitsa phazi. Chepetsa zosanjika. Ukaona amayi adzuka, maso ako akhale pa iwo, kabokosi kachite kukutsata iwe. Mwezi wamawa ndidzabweranso, ndidzakhala pakona ndi kabuku kanga, ndipo zosanjika zikadzapitirira 4 ndidzalembanso. Bambo a awiri ozizira aja, mphwanga akuti wawamva akunena kuti ulendo wina adzakhala patebulo lakumbuyo.